Dzanja la Mlonda pa Chipata

Ife a ku chigwa cha Shire, amene tinabadwira kumene dzuwa la mwezi wa Okutobala limaswa mtengo, chipikisheni tinachidziwira pamsewu kalekale tisanaone bwalo la ndege. Pakuti munthu aliyense wochokera ku Nsanje, ku Bangula, ku Ngabu kapena ku Nchalo, akafuna kukwera kumtunda kunka ku Blantyre, ayenera kuoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, nafika pa Thabwa m'tsinde mwa mapiri, pamene galimoto imaima ndipo maso a boma amayang'ana zimene wanyamula. Zimene amafuna pamenepo tonse timazidziwa: makala otentha mozemba, nyama ya m'tchire yochokera ku Lengwe kapena ku Majete, katundu wa ku Mozambique wolowera m'tinjira ta m'thengo osadzera pa Marka, ndiponso, m'nyengo imene matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi abuka pakati pa ng'ombe zathu, ziweto ndi nyama zimene zaletsedwa kutuluka m'chigwa. Chifukwa chake, pamene ndimva anthu oyenda pandege alikutsutsana ngati kufufuza kwa pa bwalo la ndege kuli kolungama, ndi ngati kumagwiradi munthu woipa, sindiuyesa mlandu wa anthu a m'tauni okha, popeza dzanja lopisa m'chikwama cha mwini wake talizolowera kuyambira ubwana wathu.

Mtsutso umenewu ndinaumva tsiku lina pansi pa mtengo wa nimu pa Dyeratu, pakati pa mwana wa mlongo wanga, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ndi mphunzitsi wina wokalamba amene anapuma ntchito kale. Mnyamatayo anatembenukira kwa ine nati, "Malume, zonse zija n'zachiphamaso. Amakuvulani nsapato, amakulandani botolo la madzi, koma woipa weniweni amadutsa atatchena suti." Mkulu uja anamuyankha mofatsa nati, "Mwanawe, tsoka silinunkha. M'mwamba muja mulibe poti n'kutsikira. Bola andivule nsapato ndikali pansi pano." Ine ndinakhala chete, pakuti ndinaona kuti yense wa iwo anali ndi gawo lake la choonadi.

Tisanamweruze mlonda, nkoyenera kukumbukira chimene chinamuimika pachipata, pakuti iye sanadziike yekha. Achinyamata ambiri a lero sadziwa kuti bwalo lathu la Chileka, limene lili kuseri kwa mapiri omwewa, linaonapo zoopsa zotere. M'mwezi wa Meyi chaka cha 1972, amuna awiri a ku Lebanon analanda ndege ya South African Airways, ya mtundu wa Boeing 727, imene inanyamuka ku Salisbury, kumene lero tikuti Harare, kulinga ku Johannesburg. Ndipo ataopseza oyendetsa ndi zophulitsira, anaibweza kufikira inadzatera pa Chileka, mmodzi wa iwo alikunena kuti makampani a migodi a Harry Oppenheimer anali naye mangawa. Anthu amene anagwidwa ukapolo m'ndegemo anathawamo ndi moyo, asilikali a Malawi anaiwombera ndegeyo, ndipo achifwambawo anadzipereka. Masiku amenewo m'maiko ambiri munthu ankakwera ndege popanda womufunsa za m'thumba mwake. Ndipo kuchuluka kwa milandu yotere ndiko kunachititsa dziko la America kulamula, kuyambira mu Januwale 1973, kuti wokwera aliyense afufuzidwe pamodzi ndi chikwama chake cha m'manja.

Chiyambire pamenepo, lamulo lililonse la pachipata lakhala likubadwa m'mbuyo mwa tsoka lake. Pa 11 Sepitembala 2001 amuna 19, okhala ndi timipeni chabe, analanda ndege zinayi ku America naphetsa anthu pafupifupi 3,000. Mu Disembala chaka chomwecho Richard Reid anabisa zophulika mu nsapato pa ulendo wochokera ku Paris kunka ku Miami, ndipo chifukwa cha munthu mmodziyo miyandamiyanda ya anthu yayenda ndi masokosi okha pa mabwalo a ndege. Mu Ogasiti 2006 apolisi a ku Britain anatulukira chiwembu chofuna kuphulitsa ndege ndi mankhwala amadzimadzi obisidwa m'mabotolo a zakumwa, ndipo m'menemo ndimo munachokera muyeso wa mamililita 100 umene umalanditsa anthu mafuta odzola ndi madzi akumwa. Makolo anati ikaola imodzi zaola zonse, ndipo pa bwalo la ndege mwambiwo unasanduka lamulo, kotero kuti tonse tiyesedwa okayikitsa chifukwa cha anthu ochepa amene sitinawaonepo nkhope.

Kulemera kwa lamulolo ndinakuona ndi maso anga pamene ndinayenda ulendo umodzi ndi azakhali anga, mayi wa Chimang'anja wa imvi mbuu, amene anaitanidwa ndi mwana wawo kukaona zidzukulu kunja kwa dziko lino. Iwo anali atakulunga botolo la uchi m'kachitenje, nalisunga m'chikwama cha m'manja kuti lingasweke, pakuti anamva kuti mdzukulu wamng'ono amavutika ndi chifuwa. Pa bwalo lina la ndege chikwamacho chitadutsa m'makina ounikira, mnyamata wa pachipata anamasula kachitenje kaja, nalikweza botololo m'mwamba, nanena kuti silidutsa. Azakhali anati, "Mwananga, umenewo ndi uchi. Tsegulani ndilawe ndekha muone." Ananena izi monga mwa mwambo wa kwathu, kumene wopereka chakumwa amayamba walawa yekha kuti achotse chikayiko mumtima mwa mlendo, koma lamulo la pachipata silidziwa mwambo umenewo, ndipo botololo linaponyedwa m'mbiya ya zinyalala iwo akuona. Pambuyo pake mtsikana wa yunifolomu anawapapasa thupi lonse, ndipo dzanja lake litakhudza mikanda ya m'chuuno, anafunsa mokweza chimene chinali mmenemo, nawauza kuti akweze bulauzi, pamaso pa mzere wa amuna achilendo amene analikudikira m'mbuyo mwathu. Amene anakulira kwathu adziwa kuti mikanda ya mkazi si ya maso a anthu, ndi kuti mayi wa msinkhu umenewo angalole kusiya ulendo wonse koposa kuionetsa pagulu. Iwo anamvera, nkhope ili pansi, manja akunjenjemera pomanganso chitenje, ndipo sanalankhule kanthu kufikira titakhala m'ndege, pamene anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi anthu aja amati ndaba chiyani?"

Tsiku limenelo mtima wanga unati nkhalamba ndi amayi aziwalekerera adutse, pakuti ndani anamvapo kuti gogo wa ku Chapananga waphulitsa ndege? Koma polingalira mofatsa ndinakumbukira mbiri ya Labani m'buku la Genesis, amene, ataona kuti timilungu ta m'nyumba mwake tabedwa, analondola Yakobo nafunafuna m'mahema onse osapeza kanthu. Malo amodzi okha ndiwo anawasiya, pamene panakhala mwana wake Rakele, amene anapempha kuti asanyamuke chifukwa cha mwambo wa akazi. Ndipo pomwepo, m'chokhalira cha ngamira, mpamene panali chobedwacho. Woipa amaphunzira msanga malo amene mlonda amachita nawo manyazi, ndipo tsiku limene kudzalengezedwa kuti agogo safufuzidwa, tsiku lomwelo chikwama cha agogo chidzasanduka mosungira zoopsa, mwina eni ake osadziwa n'komwe, pakuti ndi angati mwa ife amene tinanyamulapo kaphukusi ka mnzathu osakamasula? Chotero sindingapemphe kuti azakhali anga asakhudzidwe. Chimene ndikhoza kupempha, ndipo ndichipempha ndi mtima wonse, ndi chakuti akhudzidwe monga munthu: apatsidwe moni, auzidwe m'chinenero chawo chimene chikufunidwa ndi chifukwa chake, ndipo zikafika pa za m'kati mwa zovala, alowetsedwe kuseri kwa nsalu yotchinga pamodzi ndi mkazi mnzawo. Palibe bomba limene lingadutse chifukwa chakuti mlonda wanena "pepani amayi."

Tsono funso la mwana wa mlongo wanga likadali chiimire: kodi zonsezi zimagwira ntchito? Pamenepa umboni suli wokondweretsa. Mu 2015 zinamveka kuti ofufuza a boma la America lomwelo, atadzisandutsa apaulendo, anayesa kudutsitsa zida ndi mabomba onamizira ka 70, ndipo ka 67 anadutsa osagwidwa, m'dziko limene limathira chuma chosaneneka pa ntchito imeneyi. Richard Reid anadutsa pachipata zophulika zili mu nsapato, ndipo amene anamugwira anali apaulendo anzake ndi antchito a m'ndege. Chimodzimodzinso Umar Farouk Abdulmutallab, mnyamata wa ku Nigeria amene pa 25 Disembala 2009 anakwera ndege ya ku Detroit kuchokera ku Amsterdam atabisa zophulika m'kabudula wam'kati. Ndipo chomvetsa chisoni pa nkhani yake ndi chakuti bambo wake womubala anali atapita kale ku ofesi ya kazembe wa America ku Abuja kukachenjeza kuti mwana wake wasokera, koma mawu a kholo sanalemekezedwe monga anayenera. Ku Mogadishu, mu Febuluwale 2016, bomba limene linaboola ndege ya Daallo Airlines linali m'kompyuta ya m'manja, ndipo zithunzi za pabwalopo zinaonetsa kuti wophulitsayo anailandira kwa anthu ogwira ntchito pomwepo. Kwathu kuno, kumene chuma cha munthu ndi ng'ombe ndi mbuzi, aliyense adziwa kuti mwini khola angalimbitse chitseko ndi mipiringidzo itatu, koma ngati kumbuyo kwa khola kuli mpata, kapena mbusa wagwirizana ndi akuba, m'mawa adzapeza chitseko chili chitsekere ndipo ziweto mulibe.

Komabe sindivomereza kuti zonse n'zachiphamaso, pakuti mlonda ali ndi ntchito ina imene siwerengeka, ndiyo ya kubweza iwo amene, poona chipata, analeka okha chiwembu chawo ali kunyumba. Kulanda ndege, kumene m'zaka za m'ma 1970 kunali nkhani ya kawirikawiri, lero kwasanduka chinthu chosowa, ndipo mbali ya chifukwa chake ndi makina aja, pamodzi ndi chitseko cha chipinda cha oyendetsa chimene chinalimbitsidwa ndi kukhomedwa itapita 2001. Ndipo ife a ku Chikwawa tili ndi chifukwa chathuchathu chofunira kuti zipata za ndege zikhale zolimba, popeza zipembere ndi njovu zimene zinabwezeredwa ku Majete kuyambira pamene bungwe la African Parks linayamba kusamala nkhalangoyo mu 2003 zili ndi adani amene msika wawo uli kutsidya kwa nyanja. Lamulo la nyama za m'tchire linakhwimitsidwa mu 2017 kufikira chilango cha zaka 30, ndipo mu 2018 kunakhazikitsidwa gulu la agalu onunkhiza minyanga, nyanga za chipembere ndi mamba a ngaka pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi. Galuyo ndimamulemekeza pa chinthu chimodzi, kuti sasamala suti kapena nsanza. Amatsata fungo basi. Koma tizindikirenso kuti Lin Yunhua, mkulu wa gulu lozembetsa nyanga za zipembere amene analamulidwa kukhala m'ndende zaka 14 mu 2021, anagwidwa ndi kafukufuku wa nthawi yaitali wa apolisi ndi a zanyama. Nsomba zazikulu zimagwidwa ndi makutu a boma, ndipo makutu amenewo ndi anthu wamba amene amaulula zimene aona akakhala kuti akhulupirira amene akuwauzawo.

Apa ndipo pamene chilungamo ndi mphamvu ya chipata zimakumana. Itachitika nkhani ya mnyamata wa ku Nigeria uja, mu Januwale 2010 boma la America linalamula kuti anthu a maiko 14, mwa iwo Nigeria, Somalia, Sudan, Libya ndi Algeria, azifufuzidwa mwapadera. Ndipo patangotha miyezi itatu lamulolo linachotsedwa. Linali lamulo lopanda nzeru, pakuti Reid anali ndi pasipoti ya Britain, ndipo likanamusiya adutse. Linalinso lopanda chifundo, pakuti linasenzetsa mtundu wonse wa anthu tchimo la mwana mmodzi, amene kholo lake lomwe linayesa kumuletsa. Kuweruza munthu ndi mtundu wake ndi tchimo lakale, lakale ngati tsiku lija amuna a Gileadi anatsekereza madooko a Yordano, namayesa aliyense wooloka ndi katchulidwe ka lilime lake, napha iwo amene lilime linawapereka. Ife a m'chigwa sitifunika kuuzidwa kuwawa kwake. Pa nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, dziko lino linasunga othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni mudzi. Tinagawana nawo minda, zitsime ndi manda. Koma kufikira lero munthu wolankhula Chisena amadziwa kayang'anidwe kena kamene amakalandira akatsegula pakamwa kutali ndi kwawo, ngati kuti chitupa chake cha unzika chiyenera kuyang'anidwa kawiri. Munthu amene wayang'anidwa chotero sabwereranso kudzanong'oneza mlonda zimene waona.

Palinso choopsa china, chimene ife amene tinakulira m'nthawi ya chipani chimodzi sitiyenera kuiwala, ndicho chakuti chipata choikidwira chitetezo chimatha kusandutsidwa chipata choyesera kugonjera. M'masiku a Dr Kamuzu Banda, lamulo la kavalidwe la 1973 lili m'mphamvu, mkazi wotsika ndege atavala buluku kapena siketi yaifupi ankauzidwa kuti asinthe, mwamuna wa tsitsi lalitali ankametedwa asanalowe m'dziko, mabuku ndi magazini ankasanthulidwa, ndipo pa misika ndi pokwerera basi anyamata a chipani ankafuna khadi. Zonsezo zinkatchedwa kusunga bata ndi mwambo, ndipo zinatha pokhapokha mphepo ya referendamu ya 1993 itaomba. Tsitsi la mlendo silinaopsezepo moyo wa munthu. Chifukwa chake lamulo lililonse la pachipata liyenera kufunsidwa kawirikawiri kuti likutiteteza ku chiyani, ndipo likasowa yankho lichotsedwe, monga America anachotsera lamulo la kuvula nsapato mu Julaye 2025, makina atsopano atafika.

Koma chimene chimandiwawa koposa zonse ndi khomo la pambali. M'maiko ambiri muli njira ya olemekezeka, kumene nduna, akazembe ndi eni chuma amadzera mwaulemu, pamodzi ndi owanyamulira zikwama ndi achibale awo, pakuti galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu. Mu Novembala 2020, pamene Pulezidenti Lazarus Chakwera anali kubwerera kuchokera ku South Africa, masiku omwewo amene mlaliki Shepherd Bushiri anathawa belo m'dzikomo, ndege yake inachedwetsedwa maola angapo ndipo anthu a paulendowo anafufuzidwa. Maboma onse awiri ananena kuti mlalikiyo sanali m'ndegemo, ndipo boma lathu linadandaula poyera chifukwa cha mmene nthumwi zake zinachitidwira. Sindikana kuti mtsogoleri wa dziko ayenera ulemu wake. Ndingoti manyazi amene akuluakulu anawamva tsiku limodzi lija, nawalembera kalata ya boma, ndi omwewo amene amayi a kumudzi amawameza mwakachetechete popanda wowalembera kalata. Ndipo pamisewu ya dziko lino dandaulo la anthu ndi lomwelo, lakuti wa njinga amene wakwera phiri ndi matumba awiri a makala, thukuta lili kamukamu, amalandidwa makala ndi njinga yomwe, pamene mizinda yathu imaphikabe ndi makala ochuluka chotere kuti sangafike onse pa njinga. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, anatero akale. Koma mkhate umene ukutetezedwa apa ndi miyoyo ya anthu onse okhala m'ndege, pamodzi ndi olemekezeka omwewo. Kapitawo wa Yosefe, pofunafuna chikho cha mbuye wake m'matumba a ana a Yakobo, anayambira kwa wamkulu natsirizira kwa wamng'ono, ndipo palibe mmodzi wa abalewo amene akanati wanyozedwa. Nduna ikadzavula lamba pa mzere umodzi ndi mlimi wa thonje wa ku Ngabu, mlimiyo sadzadandaulanso, ndipo mpata wa kumbuyo kwa chipata udzakhala utatsekeka.

Za mlonda mwini wake ndiyeneranso kunenapo, kuopa kumuchimwira. Iye ndi mwana wa munthu, amene amaimirira tsiku lonse akuyang'ana zithunzi za zikwama zosatha, kapena kuima pa phula lotentha la m'chigwa kuyambira m'bandakucha, malipiro ake osafika kumapeto kwa mwezi, akudziwa kuti akalakwitsa kamodzi mlandu udzagwera iye, ndipo akaimitsa galimoto ya munthu wamkulu mawa lake akhoza kusamutsidwira kutali. Munthu wotere ndiye amene timamuikiza miyoyo yathu, ndipo tikamusiya ndi njala ndi mantha, tisadabwe akayamba kufunsa ya fanta, kapena akathira ukali wake wonse pa ofooka amene sangamubwezere. Alipidwe mokwanira, aphunzitsidwe kulankhula ndi akulu, ndipo atsimikiziridwe kuti akatsegula chikwama cha bwana, boma lidzaima kumbuyo kwake.

Ndipo ayesedwe, monga anayesedwera anzake a ku America, amene boma lawo silinathe kubisa manyazi a zotsatira zake. Ndikanakonda kuti pakhale anthu otumidwa mwachinsinsi, ena ovala nsanza ndi ena ovala suti, ena odzera pa mzere wa anthu onse ndi ena odzera khomo la olemekezeka, ena pa njinga ndi ena pa lole, onyamula zinthu zoletsedwa zonamizira pa Chileka, pa Lumbadzi ndi pa zipata za m'misewu. Ndipo chaka ndi chaka chiwerengero cha amene anagwidwa ndi amene anadutsa chiziwerengedwa m'Nyumba ya Malamulo ndi kuulutsidwa pa wailesi m'Chichewa, m'Chisena, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, kuti mphunzitsi wokalamba uja ndi mwana wa mlongo wanga adzakhale ndi manambala m'manja akadzayambiranso mtsutso wawo.